Sipanala ya ndege pa mjigo wa apongozi

Kwa Maganga kuli mjigo wina umene mpaka lero ndimaulambalala. Ngakhale ludzu litandigwira pakhosi chotani, ndi bwino ndikamwe kunyanja limodzi ndi ng'ombe kusiyana n'kuima pamenepo amayi akundiyang'ana. Mkazi wanga Alinafe amati anthu anaiwala kalekale. Amangonditonthoza. Mwezi wathawu mayi wina wosenza ndowa anandigwadira bwinobwino panjira n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji a Sipanala?" Ndinayankha kuti ndaswera bwino, chifukwa ndikanatinso chiyani.

Nthawi imene zinkachitika izi ndinali nditangolembedwa ntchito pa kabwalo kena ka ndege cha ku Senga Bay. Ndikati bwalo la ndege musaganize za ku Lilongwe ayi. Ndi msewu wautali wadothi, shedi imodzi yamalata, ndi kandege kamodzi koyera konyamula alendo obwera kudzaona nyanja. Ntchito yanga inali kuthamangitsa mbuzi pamsewupo, kutsuka kandegeko ndi kupatsira zida amene akukakonza. Ndinali ndikadali pa miyezi yondiyesa, ndipo ndinkadziwa kuti kuphonya pang'ono pokha ndibwerera kokayanika usipa wa eni.

Ndinalinso nditangokwatira kumene, ndikukhala chikamwini kwawo kwa Alinafe. Apongozi anga aakazi ndi anthu a mwambo wakale. Chikwatirire changa tinali tisanalankhulanepo liwu ngakhale limodzi. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kumanja, ine kumanzere, aliyense kuyang'ana tchire lake. Chilichonse chinkadzera mwa Alinafe. Koma kumbali ankandinyadira koopsa. Ankauza aliyense kuti mkamwini wawo ndi injiniya wa ndege, ndipo kuti ndege ija imadutsa pamwamba pa mudzi siinyamuka iye asanavomereze. Ine sindinatsutsepo. (Ndikanamutsutsa bwanji munthu amene sindilankhula naye?) Kunena zoona, zinkandikomera.

Injiniya weniweni anali Mayi Gondwe, amene ankabwera kuchokera ku Lilongwe. Ndege siili ngati minibasi imene imayenda mpaka itafera pamsewu anthu n'kutsika kukankha. Ikakwanitsa maola ake ouluka imaima basi, kaya injini ikulira bwino chotani, kaya alendo akudikira ndi zikwama. Amaitsegula paliponse, kuiunika ndi tochi, kusintha oyilo, kuyesa mawaya ndi mabawuti, ndipo siiulukanso mpaka injiniya atasaina kuti ili bwino. Mayi Gondwe anali aafupi, a magalasi pamphuno, olankhula motsitsa moti umachita kuwerama kuti umve. Sindinawamvepo akukalipa, ndipo n'chifukwa chake tonse tinkawaopa.

Anali ndi bokosi lawo lofiira la zida limene linkakhala mu shedi. M'kati mwake munali siponji yodulidwa mwaluso, chida chilichonse chili ndi pogona pake pofanana nacho, ndipo chilichonse chinali chodindidwa chizindikiro. Tsiku loyamba kugwira nawo ntchito anandiimika pa bokosilo.

"Achimwene, lamulo la bokosi ili ndi limodzi," anatero. "Pogona pamodzi pakakhala popanda mwini wake, ndege siinyamuka. Pansi pa mipando pamadutsa mawaya oyendetsa mapiko ndi mchira. Sipanala ikatsalira m'menemo n'kukapanikiza waya, kumwamba kulibe poimika pambali. Mwamva?"

Ndinati ndamva, ndipo ndinagwedeza mutu mwamphamvu ngati munthu amene anabadwa akudziwa zimenezo.

Tsiku latsokalo linayamba ndi oyilo. Kandege kanali katakwanitsa maola ake, ndipo mawa lake m'mawa kankayenera kukatenga alendo. Tinalipo atatu: Mayi Gondwe, ine, ndi a Yusufu, bambo a ku Senga Bay konko amene anayamba ntchitoyi ine ndikadali kusukulu. M'mawa ndithu Mayi Gondwe anandituma kuti ndigwire chidebe pansi pa injini pamene ankakhetsa oyilo wakale. Ine pofuna kuonetsa changu ndinagwira chidebe ndi dzanja limodzi, lina nditagwira sipanala imene anali atangondipatsira. Chidebe chinapendekeka. Oyilo wakuda, wofunda, anatsikira m'khosi mwa ovolosi mpaka m'nsapato. A Yusufu anaseka mpaka anakhala pansi. Mayi Gondwe anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Pitani mukasinthe, musadetse mipando ya eni."

Ndinapalasa njinga mpaka kumudzi ntchentche zikundiperekeza. Alinafe atandiona anagwira pakamwa, kenako anandivula ovolosi ija ngati akusenda chinangwa, n'kuiponya m'beseni. Ndinasamba, ndinavala ina, ndinabwerera kuntchito. Mwina mwaona kale pamene sipanala ija inali. Ine sindinaone.

Dzuwa litapendeka tinali titamaliza. Tizitseko tonse ta m'mapiko ndi pansi pa mipando tinali titatseka, timabawuti tosawerengeka titamangidwa, zala zathu zitatupa. Mayi Gondwe anatsegula bokosi kuti aone zida asanasaine. Anaima. Pakati pa masipanala onyezimira panali pogona pamodzi pali gwaa, popanda kanthu.

"Iyi ili kuti?" anafunsa motsitsa.

Apa ndi pamene ndikanangokhala chete. Koma pakamwa panga panathamanga kusiya mutu m'mbuyo. "Imeneyo ndinabwezeretsa ndi dzanja langali, mayi. Ndikukumbukira bwinobwino." Ndinachita kuloza dzanjalo. Akuluakulu anati kunena kwa ndithendithe nanthambwe anadzitengera, ndipo tsiku limenelo nanthambwe ndinali ine.

"Ngati munabwezeretsa ndiye kuti yatuluka yokha," anatero Mayi Gondwe. "Tsegulani zonse."

Tinatsegulanso zonse. Kachitseko kalikonse kamene tinatseka, mpando uliwonse umene tinamanga. Mayi Gondwe anakwawira mpaka kumchira ndi tochi ndi kagalasi, miyendo yokha ikuonekera kunja. Ine ndinkafufuza kuposa aliyense. Ndinasesa shedi yonse ndi kuseri komwe, ndinakhuthula dilamu la zinyalala, ndinanenanso kuti mwina apusi a mu mtengo wa kuseri atenga chifukwa amakonda zonyezimira. Kenako ndinachita chinthu chimene chimandiwotcha nkhope mpaka lero. Ndinatembenukira kwa a Yusufu.

"A Yusufu, pamene mumapita kokaswali ku mzikiti masana paja, siinakutsatireni m'thumba?"

Bambo aja anatulutsa matumba awo onse kunja, limodzi limodzi, pamaso pa Mayi Gondwe. "Wallahi, mwana wanga," analumbira, "zaka zonsezi sindinatengepo ngakhale kansanza pano."

Kutayamba kuda tinaleka. Mayi Gondwe anaimbira foni woyendetsa ndege kumuuza kuti ulendo wa m'mawa ulephereka, alendo awapezere galimoto. Ndinkamva mawu a bamboyo akukwera pafoni, koma mayi aja ankangobwereza kuti, "Sindisaina." Ndinapalasa njinga kupita kumudzi ndikupukusa mutu, ndikudandaula kuti anthu ena ndi osasamala.

Ndisanalowe m'mudzi ndinamva nthungululu. Zinkachokera ku mjigo. Mjigo umenewo unali utafa kwa milungu ingapo, amayi akukatunga kudambo, chifukwa sipanala ya komiti inabwerekedwa ndi munthu wina wa kabaza amene anasamuka nayo. Tsopano madzi anali akutuluka, ndowa zili pamzere, amayi akuvina. Pakati pawo panali apongozi anga, amenenso ndi wapampando wa komiti ya mjigo, atakweza m'mwamba chinthu chonyezimira ngati chikho cha mpira.

Miyendo inaleka kupalasa yokha. Amayi atandiona anathamangira kwa ine. "Abwera! Abwera a injiniya!" Wina anandiyalira chitenje kuti njinga idutsepo. Wina anandikupiza ndi mpango. Apongozi, mwa mwambo wawo, anatembenuka kundipatsa msana, koma ngakhale msanawo unkaoneka kuti ukumwetulira. Ine ndinakweza dzanja ngati phungu. Ndikanatani? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuzi iyi inali itawaona kale amalondawo.

Titalowa m'nyumba ndinatseka chitseko. "Alinafe, sipanala ija yafika bwanji kwa amayi?"

"Inali m'thumba la ovolosi," anayankha akuseka. "Ndikuchapa, amayi aiona, akuti tiyese pa mjigo. Yakwana ndendende! Ndiye akuti mkamwini wawo wamva kulira kwa mudzi, wabweretsa chida cha ndege mwakachetechete, osadzitama. Alengeza kale kwa anthu onse."

"Ndi ya kuntchito. Ndege yaima chifukwa cha imeneyo. Kawauze andibwezere."

Kuseka kunatha. "Ine? Ndikawauze amayi kuti mphatso imene avinira tsiku lonse ndi yoiwalika m'thumba? Kawauzeni nokha."

"Ukudziwa kuti sindilankhula nawo."

"Ndiye mwaona."

Ndinafunsa kumene ankaisunga. Anati aikulunga m'kansalu n'kuiika kumutu kwa mphasa yawo, m'nyumba imene mkamwini salowa ngakhale itayaka moto.

Munthu wanzeru akanapita m'mawa kwa Mayi Gondwe n'kunena zoona. Ine ndinakwera minibasi yoyamba kupita m'tauni ya Salima. Ndinalowa m'sitolo ya zitsulo n'kusankha sipanala yofanana kukula ndi ijayi. (Mukufunsa kuti bwanji sindinangopatsa Alinafe yatsopanoyo kuti akasinthanitse ndi ya kumutu kwa mphasa? Funso labwino. Nzeru imeneyo inandifikira patatha sabata, ndili m'bafa.) Ndinaikwecha ndi mchenga kuti isaoneke yatsopano, ndinaipaka oyilo pang'ono, ndipo nditafika kubwalo ndinaiponya mu udzu kuseri kwa shedi.

Ndinapeza Mayi Gondwe ndi a Yusufu atachotsa kale zophimba injini kachitatu. Maso a mayi aja anali ofiira. Ndinapepesa kuchedwa, ndinati tayala linaphwa. Ndinafufuzafufuza nawo pang'ono kuti zioneke bwino, kenako ndinazungulira kuseri.

"Ndaipeza! Mayi, ndaipeza! Inali mu udzu!"

Ndinathamanga nayo nditaikweza m'mwamba, ndendende mmene anachitira apongozi dzulo lake. Mayi Gondwe anailandira. Anaitembenuza. Anaipukuta ndi kansanza pamene pamakhala chizindikiro. Anaiyesa pogona paja, ndipo inakana kulowa, mutu wake unali wonenepa. Anaiika patebulo pang'onopang'ono ngati dzira.

"Dzulo ndinali ndi vuto limodzi," anatero. "Lero ndili ndi awiri. Yanga ikusowabe, ndipo pabwalo langa pamera sipanala yachilendo. Achimwene, kuseri kumene mwaipezaku munasesako nokha dzulo. Mundiuze."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma ine ndinayenera kulankhula. Ndinanena zonse: ovolosi, beseni, mjigo, nthungululu, minibasi, mchenga. Mawu ankatuluka ang'onoang'ono. A Yusufu anali ataima pambali atagwira tochi, ndipo sindinathe kuwayang'ana. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Mayi Gondwe anavula magalasi n'kutikita maso. "Kuiwala chida m'thumba, aliyense zinamuchitikirapo. Ngakhale ine. Mukanandiuza m'mawa uno tikanaseka. Koma ichi," analoza sipanala ya m'sitolo, "munafuna kuti ndisaine pa bodza."

"Koma mayi, ndinkadziwa kuti mundege mulibe."

"Lero mumadziwa. Tsiku lina mudzangoganiza kuti mukudziwa, monga mmene dzulo munkakumbukira bwinobwino kuti munabwezeretsa. Ndipo m'ndegemo mudzakhala muli ana a eni." Anatenga makiyi a galimoto. "Kwerani. Sindisaina ndisanaione ndi maso anga."

Ulendo wa kwa Maganga sunanditalikirepo chotero. Tinafika dzuwa lili pamutu, nthawi imene pa mjigo pamadzaza. Amayi ataona galimoto, ine ndili kutsogolo, anayambanso nthungululu, poganiza kuti a injiniya abwera ndi mlembi wawo kudzaona ntchito. Wina anathamanga kukaitana apongozi. Anabwera atavala chitenje chatsopano, sipanala ili m'manja m'kansalu kake, Alinafe ali pambuyo nkhope ili pansi. Atandiona anaima chapatali n'kutembenukira kumbali monga mwa nthawi zonse.

Mayi Gondwe anawagwadira, anawalonjera mwaulemu wonse, kenako anafotokoza. Sanandinyoze. Bwenzi zili bwino akanandinyoza. Anangonena zoona mwa mawu awo otsitsa aja, moti amayi onse anasiya kupopa n'kusendera pafupi kuti amve bwino.

"Mayi, ine ndine injiniya wa ndege ija. Mwana wanuyu amatithandiza, akuphunzira ntchito. Chida chimene muli nachocho anachiiwala m'thumba dzulo, ndipo ndege yagona pansi chifukwa sitinkadziwa ngati chatsalira m'kati. Ndabwera kudzachipempha."

Mayi wina kumbuyo anafunsa monong'ona, koma monong'ona mwa pa mjigo, "Akuti amathandiza? Ndiye injiniya ndi mzimayiyu?" Wina anayankha, "Akuti anangoiwala, si mphatso."

Ndinaona khosi la apongozi likuuma. Sanatembenuke. Anamasula kansalu kaja, anapereka sipanala kwa Alinafe, Alinafe anapereka kwa Mayi Gondwe. Mayi aja anayang'ana chizindikiro n'kupuma mpweya wautali. Kenako anatulutsa ya m'sitolo ija m'chikwama. "Iyi ndiye mwana wanuyu wagula yekha ndi ndalama zake m'mawa uno. Tayesani ngati ingakwane." Sananene chimene ndinaigulira, ndipo pa chimenecho ndidzawathokoza mpaka kumanda. Anaiyesa pa bawuti ya mjigo. Inakwana. Panamveka kuwomba m'manja kwa anthu awiri kapena atatu, kofooka, kwa chisoni.

Apongozi analankhula ndi Alinafe, mokweza kuti ndimve. "Uwauze amuna ako kuti komiti yathokoza. Uwauzenso kuti ine ndavina dzulo mpaka bondo latupa." Anatenga ndowa yawo n'kumapita, osathamanga.

Kandege kananyamuka tsiku lotsatira. Timabawuti tonse tija ndinamanga ndekha, Mayi Gondwe akuyendera kalikonse pambuyo panga. Ntchito sanandichotse, koma miyezi yondiyesa anaiwonjezera, ndipo anandipatsa udindo woti madzulo alionse ndiziima pa bokosi n'kutchula chida chilichonse mokweza ndikuchigwira, kenako kukhoma bokosi n'kupachika kiyi pa msomali wa mu ofesi. Kwa a Yusufu ndinapita kunyumba kwawo ndi nkhuku. Anailandira, anati zatha, koma mpaka lero akandiona ndikufunafuna chinthu amayamba kutulutsa matumba awo kunja osalankhula.

Kumudzi kunali kovuta kuposa. Apongozi analeka kutchula za ndege. Ikamadutsa pamwamba ankapitiriza kupeta mpunga ngati kwadutsa khwangwala. Zimenezo zinkandipweteka kuposa dzina la Sipanala, chifukwa mayi aja anandikweza ndi mtima wonse, ine n'kuwagwetsa pamaso pa anzawo. Ndinkafuna kupepesa, koma kupepesa kodzera mwa mkazi wako kumafika kutazizira.

Patapita milungu ingapo, madzulo ena ndikufika kuchokera kuntchito, ndinapeza apongozi atakhala pakhonde lawo. Ndinatsika njinga kuti ndizungulire kuseri monga mwa mwambo. Ndipo ndinamva mawu. Sankalankhula ndi Alinafe, chifukwa Alinafe anali kumunda. Ankalankhula ndi ine, koyamba chikwatirire, nkhope atayang'ana kukhola la mbuzi.

"Akamwini, m'matumba mwapisamo?"

Ndinagwada pomwepo, njinga ili m'manja. Ndinafuna kuwauza kuti masiku amenewo anatha, kuti munthu amaphunzira. Kuti ndiwatsimikizire ndinapisa dzanja m'thumba la ovolosi, ndipo zala zinagunda kachitsulo kozizira. Anali kiyi wa bokosi la zida.

Ndinatembenuza njinga n'kuyamba kupalasa kubwerera ku Senga Bay, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva apongozi akuseka mpaka kutsokomola.